Kalavani ya Marlys Yakana Kutuluka

Marlys Tvedt anayendetsa basi yachikasu ya ana asukulu zaka makumi atatu ndi chimodzi m'misewu ya miyala ya kumpoto kwa North Dakota ku America, ndipo tsiku limene anabweza makiyi analumbira kuti mwezi wa Febuluwale sudzamupezanso kumeneko. Anali atatopa ndi kuchotsa chipale chofewa pakhomo ndi fosholo, atatopanso ndi mphepo ija yolowa mpaka m'mano. Anzake ambiri opuma pantchito, chisanu chikayandikira, ankathawira ku Arizona, komwe n'kotentha, atakoka nyumba zawo kumbuyo kwa galimoto. Iye amuna ake anali atamwalira kalekale, ana ake awiri ali pabanja kutali. Chomuletsa chinali chiyani?

Tsono mu Okutobala, pa okushoni ya katundu wa mlimi wina amene ankasamukira m'tauni, Marlys anagula kalavani. Inali ya mtundu uja wa khosi lalitali, yomwe kutsogolo kwake kumakwera pamwamba pa pikapu n'kukolekedwa pachitsulo pakati pa bodi, monga zimakhalira ngolo za mathiraki. Inapangidwa mu 1988, ndipo zaka khumi zomaliza inangokhala kuseri kwa nkhokwe, mbali imodzi itamera ndere.

Pakhomo pake m'tauni panalibe malo, choncho anaikokera kufamu kwa achimwene ake, a Arlen, komwe onse awiri anabadwira. A Arlen anatuluka ndi kapu ya khofi m'manja. Anaizungulira kawiri, anagogoda m'mbali ndi chala, ananunkhiza pakhomo n'kubwerera m'mbuyo.

"Chemwali, wayamba zoweta nkhuku?"

"Iyi ndi nyumba yanga ya ku Arizona, achimwene."

"Ku Arizona! Chimenechi chidzayamba kuyoyoka usanawoloke mlatho uwo."

"Mawu omwewo munanenera thirakitala yanu, mpaka lero ikulima," anatero akazi awo, a Verna, ali pakhonde. "Alamu, musawamvere awa. Lowani, khofi akadali wotentha."

Chimene Marlys ankafuna chinali shedi yaikulu ija imene malemu bambo awo anamanga ndi manja awo, ya simenti pansi ndi mbaula yankhuni pakona. A Arlen anang'ung'udza masiku awiri, kenako anavomera. Anakankhira makina odzalira tirigu kumapeto kwenikweni kwa shedi, Marlys n'kulowetsa kalavani chobwerera. Denga lake linadutsa pansi pa mtanda wa khomo patangotsala mpata wa zala zitatu.

"Pofika pakati pa Epulo chikhale chitatuluka," anatero a Arlen. "Makina anga ali kumbuyo kwake, ndipo nthaka ikauma ine sindidikira munthu. Komanso m'kati mwa chimenechi ine phazi langa silipondamo. Usadzandiitane."

"Ndani wakuitanani?"

Ntchito inayamba ndi kuphwasula. Marlys anasenda kapeti ya mtundu wa lalanje yomwe inali itauma ngati chikopa, anataya makatani, anakolopa uvuni momwe makoswe anali atalereramo ana mibadwo ingapo. Tsiku lachitatu, akutuluka m'kabafa, anangomva phwaa! Mwendo wake wakumanja unalowa mpaka m'bondo. Atasuzumira anaona nsapato yake ikulendewera pamwamba pa simenti ya shedi.

A Verna, amene anabwera kudzayeza mawindo kuti asoke makatani, anamupeza atakhala chomwecho.

"Alamu, mukutani?"

"Ndikuyendera maziko. Tandikokani."

Anaseka mpaka misozi, koma atang'amba khoma kuti aone komwe madzi ankalowera, kuseka kunatha. Madziwo ankadontha kuchokera pamsoko wa denga, ndipo anali atadya matabwa onse a kutsogolo. Ukagwira, ankangofumbutuka ngati buledi wonyowa. Tsiku limenelo Marlys anabwerera kwake osayatsa n'komwe wailesi ya m'galimoto. Sanayambe wamangapo ngakhale kampando. Anadzifunsa ngati a Arlen sananene zoona.

M'mawa mwake anapeza mbaula ya m'shedi itayatsidwa kale. Pabenchi panali macheka a bambo awo atanoledwa, hamala, ndi kachitsulo kokhota koyezera makona.

"Achimwene, zikomo chifukwa cha zida."

"Zida ziti? Ine ndimangokonza m'galaja, zimandipinga."

Marlys anaphunzira ukalipentala pafoni. Ankaimika foniyo pachitini cha penti, mnyamata wina wandevu wa ku Oregon akufotokoza m'kanema, iye n'kumabwezera m'mbuyo kasanu, kasanu ndi kamodzi, akumukalipira ngati ali pomwepo. "Tadekha iwe! Ukuthamangira kuti?" Thabwa loyamba analidula lalifupi. Lachiwiri analidula lalifupi kuposa loyamba. Lachitatu linalowa ndendende, ndipo Marlys anaima n'kumaliyang'ana mpaka khofi wake anazizira.

Tsiku lina anapatsa a Verna chitsulo chozulira misomali kuti angomugwirira. A Verna, mayi ofatsa amene ankaliza limba kutchalitchi, anayang'ana chitsulocho, anayang'ana kabati yowola ya pamwamba pa sinki, kenako anaikola n'kukoka ndi mphamvu zonse akukuwa. Kabati inagwa, fumbi kobo.

"Zaka makumi anayi ndakhala ndikupukuta makabati," anatero akupuma mwabefu, "kukoma kophwanya ndakudziwa lero. Ina ili kuti?"

Kuyambira pamenepo a Verna ankabwera tsiku lililonse atavala ovololo ya amuna awo, atapinda miyendo katatu. Kunja mphepo inkaomba malata, chipale chitafika m'mawindo, koma m'shedi munali mofunda. Anamata denga, anaika matabwa atsopano pansi ndi m'makoma, anaphunzira kulumikiza mawaya a magetsi osadzidzidimutsa nawo kuposa kawiri pa sabata. Masana ankadya supu pamwamba pa mbaula, akukambirana nkhani zimene pazaka zonse za chilamu chawo anali asanakambepo. A Arlen ankadutsa kawiri patsiku, n'kuima pakhomo la shedi ndi kapu yawo.

"Msomali umenewo wapindika."

"Bwerani mudzawongole."

"Ine? Ndangodutsa."

Mu Febuluwale anamaliza mapaipi, ndipo linafika tsiku loyesa madzi. Marlys anadzaza thanki, n'kuyatsa pampu. A Verna anagwada pansi pa sinki ndi tochi kuti aone ngati penapake pakudontha.

"Zili bwino, alamu! Pouma ngati m'thumba la..."

Sanamalize. Paipi inazuka polumikizira, madzi anawathira kumaso, n'kupitirira pazenera lotsegula kukagwera ndendende m'kapu ya a Arlen, amene anali atasendera pafupi kuti aseke bwino. Anayang'ana kapu yawo, anayang'ana akazi awo akudontha madzi tsitsi lonse, ndipo anaseka mpaka anakhala pansi pa thumba la feteleza.

"Mwina mukanamanga kaye kalamba kachitsulo kaja," anatero akupukuta m'maso. "Kali m'chitini chofiira. Sikuti ndikukuuzani zochita."

Makoma anawapaka penti yoyera. Makabati atsopano Marlys anawapaka yachikasu.

"Zaka zonsezi m'basi sunakhute nayo?" anafunsa a Arlen atasuzumira pazenera.

"Ndikaona mtundu umenewu ndimadziwa kuti kwacha."

Vuto lina linaoneka mu Malichi, atayesa kukoleka kalavani kupikapu momwemo m'shedi. Mapikapu a masiku ano ndi aatali msinkhu kusiyana ndi a mu 1988. Pobwera kuchokera ku okushoni Marlys sanasamale, poti unali ulendo waufupi, koma tsopano anaona bwino: kalavani inatukula mphuno, kumbuyo kutatsala pang'ono kukhudza pansi, ngati galu wopempha nyama. Choncho anaitana Delphine Gourneau, mzimayi wowotcherera zitsulo wodziwika m'dera lonselo. Delphine ankakwera basi ya Marlys ali mwana, ndipo ankadziwika ndi kuluma anzake kumpando wakumbuyo.

"Mayi, iyi ndi nkhani yaing'ono," anatero ali chagada pansi pa kalavani. "Masipuling'i ali kunsi kwa ekiselo, chitsulo cholumikiza matayalachi. Tiwasamutsa akhale pamwamba, ndiye ikwera mainchesi asanu. Iyenda mowongoka ngati tebulo."

"Ukadalumabe anthu?"

"Okhawo onditcha mwamuna akaona chipewa changa chowotchererachi."

Delphine anagwira ntchito masiku awiri, moto wabuluu ukuthetheka m'shedi. Atamaliza onse anaima n'kumasirira mmene kalavani inawongokera. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatembenuka kuyang'ana kukhomo.

Pakati pa Epulo chipale chinasungunuka, nthaka inauma, ndipo wailesi inalengeza kuti pakatha masiku atatu kugwa mvula ya sabata yathunthu. A Arlen anadzuka mapazi akuyabwa. Lachinayi m'mawa Marlys anakoleka kalavani, a Verna ataima panja ndi foni kuti ajambule. Pikapu inasuntha pang'onopang'ono, mphuno yake inatuluka padzuwa, kenako kunamveka gu!

"Imaa!" anakuwa a Arlen. "Ima, iwe!"

Chipumi cha kalavani chinali chitagunda mtanda wa khomo. Marlys anatsika, n'kuyang'ana m'mwamba. Anakwera makwerero ndi tepi. Kalavani inali itapitirira khomo ndi mainchesi atatu.

"Inalowa bwanji?" anafunsa a Verna.

"Inalowa isanakule, alamu."

Anachotsa mpweya m'matayala a kalavani ndi akumbuyo kwa pikapu mpaka anatsala pang'ono kuphwa. Anayezanso. Inchi imodzi inatsalabe. Anaimbira Delphine, amene anayamba watukwana kaye, kenako anati kubwezeretsa masipuling'i kungadye masiku awiri, komabe akubwera.

A Arlen sanakalipe, ndipo zimenezi zinamuopsa Marlys kuposa kukalipa. Anayang'ana kumwamba komwe kunali kukadali koyera, anayang'ana makina awo odzalira atatsekeredwa kumbuyo, n'kuchoka. Anabwera atanyamula macheka a injini. Anatsamiritsa makwerero pakhomo n'kuyamba kukwera.

Pamtanda umenewo panali pakuonekabe zolemba za bambo awo za pensulo yakuda: dzina lawo ndi chaka cha 1961. A Arlen ankaupaka mafuta chaka ndi chaka, ndipo sankalola munthu kukhomapo ngakhale msomali wokolekapo chipewa.

"Achimwene, mukufuna kutani?"

"Ndingosemapo pang'ono."

"Tsikani."

"Ndi thabwa chabe, Marlys. Wavutika nyengo yonse ya chisanu. Ndakhala ndikukuona." Sanamuyang'ane kumaso. "Bambo akanakhala moyo akanadula okha."

Marlys anagwira makwerero ndi manja onse awiri. Kuti asalire anayang'ana pansi, pamasitepe a kalavani. Ndi pomwe anakumbukira. M'mawa uliwonse, basi yake ikakhala yopanda anthu, ana aang'ono ankavutika kukwera sitepe yoyamba, koma pofika kumapeto kwa ulendo, basi itadzaza n'kutsika chifukwa cha kulemera, ankangoponda ngati akulowa m'nyumba.

"Musalize chimenecho," anatero. "Alamu, lero ndi Lachinayi eti? Amayi osoka zofunda ali kutchalitchi?"

"Ali komweko mpaka masana."

"Aimbireni. Muwauze abwere onse, ndi aliyense amene angamupeze panjira. Makamaka onenepa."

Pasanathe ola, pakhomo panadzaza magalimoto. Kunabwera amayi asanu ndi atatu, ena ulusi ukadali pamajuzi, atanyamula mbale za mbatata zophika ndi nyama yogaya zomwe zimayenera kukhala nkhomaliro yawo. Kunabwera abusa a Solheim. Kunabwera Delphine. Curtis, chimunthu choyendetsa makalata, anangoima kuti asiye envelopu, koma a Verna anamugwira mkono asanabwerere m'galimoto.

Marlys anaima pakhomo la kalavani, ndipo mawu ake akale anabwerera okha.

"Pamzere! Osakankhana! Nsapato zamatope zitsale panja. Curtis, iwe pabedi, kutsogolo kwenikweni."

"Mayi, ndili pantchito ya boma."

"Unkalira m'basi yanga tsiku lililonse chaka chako choyamba kusukulu, ine n'kumakupukuta mamina. Kwera."

Curtis anavula nsapato. "Kunenepa kwangaku lero kwapeza ntchito," anatero akukwera masitepe atatu opita kuchipinda chogona, chomwe chili pakhosi pa kalavani, pamwamba penipeni pa matayala a pikapu.

Anthu asanu ndi awiri anapanikizana pabedi, mawondo ali m'zibwano, abusa ali pakati atakumbatira chipewa chawo. Otsala anakhala pamasitepe ndi pansi. Amayi ankasisita makatani a Verna, akutsegula makabati, akufunsana kuti zoona Marlys wapanga yekha zimenezi? M'bodi la pikapu anaikamo matumba a mbewu ya tirigu. Masipuling'i analira, kalavani n'kutsika.

"Zili bwanji, achimwene?"

A Arlen, ali pamakwerero, anatsinzina diso limodzi. "Patsala kachidutswa. Kunenepa kwa bisiketi."

"Abusa, munadya m'mawa?" anafuula wina m'kati.

"Ndikanadziwa ndikanawonjezera!"

Marlys anayang'ana uku ndi uku. Panja panalibenso munthu wina, kupatula mmodzi.

"Delphine, iwe ndiwe wopepuka, tuluka ukwere makwerero. Achimwene, tsikani mulowe."

"Ine ndinanena kale kuti..."

"Arlen Rustad," anatero a Verna pazenera, "mvula ikubwera Lamlungu. Vulani majombo."

A Arlen anatsika. Anavula majombo, sokosi imodzi ili yobooka pachala, n'kuponda m'kalavani koyamba. Anaima pakati. Anayang'ana pansi, anaponda mwamphamvu pamene kale panali dzenje, pansi osagwedera. Anayendetsa chala pakona ya kabati, anatsegula kachitseko n'kukatsekanso, kachitseko n'kungoti tswii, bwinobwino. Maso a anthu onse anali pa iwo.

"Makonawa wadula bwino, chemwali," anatero.

"Kwerani pabedi, mudzayamikira kunja."

Anakwera, n'kukhala theka pamiyendo ya Curtis. Marlys anathamangira kupikapu, analiza injini, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Delphine?"

"Yendani, mayi! Pang'onopang'ono! Pangodutsa pepala!"

Phazi la Marlys linakhudza moto ngati likuponda dzira. Matayala ophwa aja anagudubuzika. M'kalavani munthu aliyense anagwira mpweya, abusa ataweramitsa mutu ngati zingathandize. Delphine ankayenda ndi diso m'mphepete mwa mtanda. "Bwerani. Bwerani. Osaima. Bwerani!" Chipumi chinadutsa. Denga, lomwe limanka litsika cha kumbuyo, linatsatira mosavuta, ndipo kalavani yonse inatulukira padzuwa, yoyera mbee.

Anthu anafuula mokondwa moti agalu a kufamu yoyandikana nayo anayamba kuuwa. Amayi anayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, Curtis akuimba besi yolakwika, kalavani ikugwedezeka. Marlys analiza hutala katatu, kenako anatsamira pachiwongolero n'kuseka mpaka nthiti zinamupweteka.

Anthu anakana kutsika. Mbale za mbatata zinalowa mu uvuni, khofi anawira pachitofu chatsopano, ndipo nkhomaliro inadyedwa momwemo, wina atakhala pabedi, wina pamasitepe, wina pachivundikiro cha chimbudzi. A Arlen okha anadya choimirira, anavala majombo, n'kuthamangira kuthirakitala. Anadzala masiku atatu osapuma, ndipo mzere womaliza anaumaliza madontho oyamba akugwa pagalasi.

Marlys ananyamuka sabata yoyamba ya Novembala. A Verna anati amuperekeza milungu iwiri yokha, kuti aone ngati makatani akutchinga bwino dzuwa la kumeneko. Anasiyira amuna awo chakudya chodzaza firiji, mbale iliyonse italembedwa tsiku lake. Kalavani inayenda mowongoka ulendo wonse, kupatula tayala limodzi lomwe linaphulika ku Nebraska, ndipo amayi awiriwo analisintha okha, woyendetsa thiraki wina ataima pambali manja ali m'thumba iwo atakana kawiri thandizo lake.

Patatha masiku asanu ndi anayi atafika, Marlys akuthirira timaluwa take ta m'zitini, takisi inaima pageti la malo oimikapo makalavani. Munatuluka a Arlen, atavala jekete lachisanu dzuwa likuswa mtengo, chikwama chili m'manja.

"Bambo, kwagwanji?" anafunsa a Verna.

"Palibe. Ndabwera kudzaona mabawuti a masipuling'i. Amafunika kumangitsa ukayenda ulendo wautali."

"Sipanala mwatenga?" anafunsa Marlys.

A Arlen anayang'ana chikwama chawo. Munali zovala zokhazokha.

Madzulo ake anali atavula jekete, atakhala pampando wopinda kunja kwa kalavani, kapu ili m'manja. Bambo wina wa ku Saskatchewan ku Canada, woyandikana nawo, anaima n'kumasirira.

"Ya 1988 imeneyi? Yokongola bwanji! Munakonzetsa kuti?"

"Tinakonza tokha," anatero a Arlen. "Chisanu chonse. Pansi ponse panali powola, mukanaona. Lowani ndikuonetseni makona, koma muvule nsapato."

Marlys ndi a Verna anayang'anana pazenera la kukhitchini. A Verna anatsegula pakamwa kuti ayankhule.

"Asiyeni, alamu," anatero Marlys, akutulutsa m'kabati kapu yachinayi, ya mlendoyo.